Kalata ya ku Seoul: Mkuwa wa Makolo Usakwere Sikelo

Seoul,
South Korea.

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi azakhali ndi ana onse ku Ndirande konko. Ine kuno ndili bwino ndithu, Mulungu akusunga. Sukulu ikuyenda, kungoti ntchito yachuluka poti mayeso ayandikira. Chisanu ndiye chayamba kuluma. Masamba a mitengo afiira, akuyoyoka, ndipo eni dziko akuti chimenechi n'chiyambi chabe, chisanu chenicheni chimabwera mu Januwale pamene mtsinje wa Han umachita kuundana pamwamba. Jekete ndinagula kale, musade nkhawa. Amayi anandiuza pafoni kuti kwanuko mvula yoyamba yagwa, komanso kuti msana uja wayambiranso kukuvutani. Chonde pitani kuchipatala, musamangodalira mapiritsi a pagolosale.

Ndasankha kulemba papepala chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti mauthenga a pa WhatsApp mumawerenga muli chiimire, hamala ili m'manja. Iyi muiwerenge madzulo mukaweruka, mutakhala pansi.

Nkhani yake ndi ya mkuwa. Kuno kuli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale, National Museum of Korea, m'dera la Yongsan. Anaitsegula pamalo pamenepa mu 2005, ndipo kulowa n'kwaulere. Munthu umangokwera sitima ya pansi pa nthaka, kutsikira pa siteshoni ya Ichon, n'kuyenda pang'ono. Loweruka kumadzaza ana ndi makolo awo, ena atagwira timakope akujambula zimene akuona. Ambiri amathamangira ku zisoti zagolide za mafumu akale ndi ku mbiya zobiriwira zimene dziko lino limatchuka nazo. Ine mwendo umandikokera m'mwamba, kuchipinda cha zitsulo. Ndikalowamo ndimakumbukira inu, poti ndinakulira pashedi panu paja, ndikupukusa gudumu la njinga kuti moto ukolere pamene inu mukusungunula zitsulo za mapoto.

Zambiri za m'chipindamo ndi za nthawi ya ufumu wa Goryeo, umene unayamba mu 918 ndi mfumu Wang Geon n'kutha mu 1392. Likulu lake linali mzinda umene lero ndi Kaesong, tsidya la malire, ku North Korea. Mafumu ndi anthu awo anali a chipembedzo cha Chibuda, ndipo chuma chambiri chinkapita ku akachisi. Munthu akafuna kupempherera kholo lake lomwalira, kapena mtendere wa dziko, ankasonkha mkuwa kapena ndalama kuti amisiri apange chiwiya chokaika pamaso pa guwa: mtsuko wa madzi, chofukizira lubani, choikapo kandulo, belu, mbale ya mpunga wa nsembe. Mkuwa wake si wofiira uja wa mawaya a magetsi ayi, koma wosakaniza ndi tini, umene umalimba ndiponso umalira bwino ukaugogoda.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi mtsuko wina wa madzi opatulika, wa m'zaka za m'ma 1100. Si waukulu, masentimita 37.5 basi. Thupi lake ndi losalala, lotambalala m'mapewa, lowonda chakumunsi. Khosi ndi lalitali, pakati pake pali kambale kozungulira, ndipo pamwamba pa kambaleko patuluka kampopi kowongoka koloza kumwamba. Paphewa pali kamlomo kena kakafupi kokhala ndi chivundikiro chake. Madzi ankathirira pakamlomo ka paphewako, potsanula n'kutulukira pakampopi ka pamwamba. Zaka zaupaka mtsukowu dzimbiri lobiriwira, ndipo pamwamba pa kubiriwirako pakuoneka chithunzi chojambulidwa ndi timizere ta siliva: mitengo ya misondodzi nthambi zake zitawerama, bango m'mbali mwa madzi, abakha ena akusambira ena akuuluka, ndi asodzi m'timabwato. Ukamauzungulira, dambo lonse likuyenda nawe. Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa, ndikuyang'ana nthambi imodzi yokha, mmene kamzere kamodzi kachokera patsinde, kupindika, n'kudzathera m'masamba osaduka paliponse. Boma la kuno linaulemba mtsukowu m'kaundula wa chuma cha dziko mu 1962, pa nambala 92.

Ndikudziwa funso lanu: siliva ameneyu anamumata bwanji? Sanawotcherere, sanapake, ndipo guluu palibe. Mmisiri ankayamba waumba chiwiyacho m'chikombole, n'kuchipala mpaka chisalale. Kenako ankatenga katchizulo kosongoka n'kumagoba timingalande motsata chithunzi chimene walemba. Siliva ankamukoka mpaka akhale waya wosafika n'komwe milimita imodzi, n'kumugoneka m'kamngalande muja, n'kumakhoma pang'onopang'ono ndi kahamala kuti alowe n'kumangika ndi milomo ya mkuwayo. Pomaliza n'kupalanso kuti chala chikadutsa chisamve polumikizira. Tangoganizani, Amalume, kugoba mzere wopindika pachitsulo chozungulira, cholimba, pamene dzanja likaterereka kamodzi kokha palibe chofufutira. Inu amene mumakhoma msoko wa ndowa osadontha ngakhale dontho mukudziwa kuti luso lotere silikhala m'mutu mokha. Limakhala m'mkono, ndipo limatenga zaka kuti likhazikike.

Mitsuko yotere inachokera ku India pamodzi ndi chipembedzocho. Poyamba inali ya amonke yosungiramo madzi akumwa osefa bwino, chifukwa iwo salola kupha ngakhale kachilombo ka m'madzi. Pambuyo pake inasanduka chiwiya cha paguwa, ndipo m'zithunzi za nthawiyo umaiona itaikidwa pambali pa woyera wawo wachifundo, kanthambi ka msondodzi katazikidwa pakamwa pake. Mu 1123 kunabwera nthumwi ya mfumu ya ku China, dzina lake Xu Jing, imene inalemba buku la zonse inaona. Inanena kuti mitsuko imeneyi inkapezeka kwa akuluakulu, m'makachisi ndi m'nyumba za anthu wamba momwe.

Zofukizira lubani nazo zilipo zingapo. Kaonekedwe kake ndi ka mtondo waung'ono: phazi lotambalala pansi, chiuno chowonda, kenako chikho chakuya chokhala ndi mlomo wophwatalala. Ankapanga zigawo ziwiri, chikho pachokha phazi palokha, n'kuzilumikiza. M'kati ankadzazamo phulusa n'kuikapo lubani. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Azakhali amanunkhiza lubani pa Misa yaikulu ku Limbe Cathedral, anansi athu Achisilamu amagula wawo m'mashopu a ku Limbe, ndipo mukadutsa ku Mapanga pamsewu wa ku Zomba, pa Amitofo Care Centre paja, mupeza kachisi wa Chibuda weniweni. Chofukizira chotchuka kwambiri kuno chimasungidwa kukachisi wa Pyochungsa, kumwera, m'dera la Miryang. Kutalika kwake ndi masentimita 27.5, paphazi pake pali chinjoka cha siliva chikuyenda m'mitambo. Koma chimene akatswiri amachilemekezera ndi zilembo 57 zolembedwa kunsi kwa mlomo wake, chifukwa zimatchula chaka chimene chinapangidwa, 1177.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Anthu amenewa ankalemba pachitsulo. Paziwiya zambiri amatchula chaka, dzina la kachisi, amene anasonkha, cholinga cha pemphero lawo, kulemera kwa mkuwa umene unalowapo, ndipo nthawi zina dzina la mmisiri. Ine ndimaona kuti kulemba kulemera kuja kunali kuopa kuti wina angadye za gulu, monga momwe mlembi wa mpingo amawerengera chopereka poyera. Koma phindu lake ladzaonekera patapita zaka 800. Chiwiya chopanda zolemba chimangokhala chokongola, akatswiri n'kumakangana za msinkhu wake. Cholembedwa chimadzinenera chokha kumene chachokera, n'kuthandizanso kudziwa msinkhu wa zinzake zofanana nacho.

Imvani chitsanzo ichi. Buku lakale kwambiri padziko lapansi mwa amene alipo osindikizidwa ndi zilembo zachitsulo ndi la kuno, lotchedwa Jikji, la mu 1377, zaka 78 Baibulo la Gutenberg lisanatuluke ku Ulaya. Kumapeto kwake linalembedwa kuti analisindikiza kukachisi wa Heungdeoksa, kunja kwa mzinda wa Cheongju. Koma kachisiyo anali atapsa kalekale, ndipo panalibe wodziwa pamene anali. Mu 1985, pamene ankasalaza malo oti amangepo nyumba m'dera la Uncheon-dong, akatswiri ofukula zakale anatola chibenthu cha ng'oma yamkuwa, yoimbira poitana amonke. Pachibenthupo panali dzina lija, Heungdeoksa. Ntchito yomanga inaima, malowo anawateteza, ndipo lero pali nyumba yosungiramo mbiri ya kusindikiza mabuku. Chibenthu chimenecho chikanagwera m'manja mwa wogula zitsulo zakutha, sichikanakwana ngakhale ya matemba. Bukulo lokha lili ku Paris, m'nyumba ya mabuku ya dziko la France, kumene linapita ndi kazembe wawo Victor Collin de Plancy, ndipo anthu kuno zimawawawa mpaka lero.

Mabelu sindinenapo zambiri, ngakhale ndi odabwitsa. M'chipinda cha zitsulo chija muli la kachisi wa Cheonheungsa, la mu 1010. Lalikulu kwambiri mwa akale lili ku Gyeongju, la mu 771, lolemera matani 18.9. Alibe lilime m'kati. Amawapachika pafupi ndi pansi n'kumawagunda ndi chipika kunja, ndipo kulira kwake kumakwera n'kutsika kwa nthawi yaitali.

Ndinadzifunsa kuti zinthu zimenezi zinapulumuka bwanji, poti mkuwa uli ndi tsoka limodzi: umasungunuka. Mbiya ikasweka imangotayidwa, mapale ake n'kukhala m'nthaka. Koma mkuwa aliyense amaufuna, msilikali, wakuba ndi wosauka yemwe. Kuyambira mu 1231 a Mongol analowa m'dziko lino kangapo konse, kwa zaka pafupifupi 30. Mfumu inathawira pachilumba cha Ganghwa mu 1232, ndipo mu 1238 anatentha kachisi wamkulu wa Hwangnyongsa. Amonke ena atamva kuti nkhondo yayandikira ankakumba dzenje, kulongedzamo ziwiya za paguwa, kufotsera n'kuthawa. Ambiri sanabwerere. Mu 1993, anthu ogwira ntchito ya msewu m'mbali mwa mtsinje wa Musimcheon, ku Cheongju komweko, anatulukira dzenje lotere muli ziwiya mazanamazana, zina zolembedwa dzina la kachisi wa Sanoesa. Chaka chomwecho ku Buyeo, pamalo amene ankafuna kukonza poimika magalimoto, anavuula m'matope chofukizira cha mkuwa wokutidwa ndi golide cha ufumu wa Baekje, umene unagwa mu 660. Ndikaganiza za munthu amene anakumba dzenje lija, mwina usiku, mtima uli phaphapha, ndimamuona kuti ndi mnzake wa mmisiri uja. Wina anapanga, wina anabisa, ndipo popanda wachiwiriyo sindikanaona kanthu.

Ufumu wa Joseon utalowa mu 1392 unatsata chiphunzitso cha Confucius, n'kuchepetsa akachisi a Chibuda. Mabelu ndi mafano ambiri anasungunulidwa kukhala mizinga ndi makobidi. Tsoka lina linali la Ajapani, amene analamulira dziko lino kuyambira 1910 mpaka 1945. Kuyambira mu 1941 ankayenda khomo ndi khomo kulanda zitsulo zokapangira zida za nkhondo: mbale, masipuni, mabelu a akachisi ndi a matchalitchi omwe, mpaka ziwiya zoperekera nsembe kwa makolo.

Zimenezi ndinazimvanso pakamwa pa munthu. Pachikondwerero chawo cha zokolola, Chuseok, mnzanga wa m'kalasi ananditenga kumudzi kwawo. Madzulo a tsiku loti mawa ndi mwambo, agogo ake aakazi anatulutsa bokosi lathabwa pansi pa kabati. Munali mbale zamiyendo, tizikho ta mowa, zoikapo makandulo ndi kachofukizira, chilichonse chokulungidwa m'pepala lake. Anakhala pansi n'kuyamba kupukuta chimodzichimodzi, ine n'kupatsidwa kansanza kanga. Anati kale ankapukutira ndi udzu wa mpunga ndi ufa wa phale la denga losinja, ntchito ya tsiku lonse. Kenako ananyamula kachikho kena kopindika mlomo, n'kunena, mdzukulu wawo akumasulira, kuti apongozi awo anakwirira ziwiyazi kuseri kwa nyumba m'nthawi ya Ajapani, n'kupereka mbale zodyera zokha. Kupindikako ndi kwa khasu, tsiku lofukula. Mwana wawo anafunapo kukawongoletsa, iwo anakana. M'mawa mwake anayala tebulo lalifupi, kuikapo mpunga watsopano, msuzi, nsomba ndi zipatso. Bambo a m'nyumbamo anayatsa lubani, kuthira mowa wa mpunga m'kachikho kopindika kaja, ndipo onse anagwada mpaka chipumi kugunda pansi. Ine ndinaima pambali mwaulemu, ndikukumbukira zimene agogo ankatiuza za kuthira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo mvula ikavuta.

Mtundu wa mbale zimenezi amautcha bangjja, ndipo ndinakufunsirani kapangidwe kake. Pa magawo 100 alionse, 78 ndi mkuwa, 22 ndi tini. Tini akachuluka chotero chitsulo chimakhala chophweka kusweka, moti ukachimenya chozizira chimangothetheka. Ndiye amachisula chili chofiira, amuna angapo atazungulira, wina wagwira ndi chopanira akutembenuza, ena akusinthana nyundo. Kale ankagwira usiku kuti aone bwino mtundu wa chitsulo pamoto, poti diso ndilo linali muyeso wa kutentha. Akamaliza amachiviika m'madzi chikadali chamoto, ndipo m'malo mouma gwa ngati chitsulo cha khasu, chimafewa n'kulola kupalidwa. Luso limeneli linatsala pang'ono kufa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene mpweya wa malasha ophikira unkadetsa mkuwa, anthu n'kuthamangira mbale zasitilo. Boma linachita kusankha amisiri otsala n'kuwalemekeza ngati chuma cha dziko, kuti aphunzitse achinyamata. Mmodzi wa iwo, Lee Bong-ju, anapereka ntchito zake kumzinda wa Daegu, ndipo mu 2007 anatsegulirako nyumba yoonetsera mbale zimenezi. Mmisiri wosula, Amalume, dzina lake lili pakhoma, ana a sukulu akulikopera m'makope.

Malonda a zakale aliponso, mumsewu wa Insadong ndi kumsika wa Dapsimni. Zenizeni n'zochepa, zambiri n'zatsopano zodetsedwa ndi mankhwala kuti zioneke zokalamba. Chenicheni lamulo silikulola kutuluka nacho m'dziko. Anaphunzira mowawa, chifukwa zinthu zawo zoposa 200,000 zili kunja, makamaka ku Japan ndi ku America, ndipo mu 2012 anakhazikitsa bungwe longozilondola.

Tsono musaganize kuti ndikulemba zonsezi mwana wanu atayamba kunyoza kwawo. Ayi ndithu. Mnzanga wina wa ku Africa konkuno anati ife tinalibe zotere, ndipo ndinamutsutsa mpaka tiyi kuzizira. Makolo athu ankadziwa ng'anjo ndi mvukuto. Mbiri imati Achewa anachokera ku Uluwa, dera la Katanga, kumene mkuwa ankaumba timitanda n'kumagulira zinthu. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, anthu okumba poika thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda muli mitanda yamkuwa, mawaya ndi mikanda yagolide. Kwathu konko ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, a Yusuf Juwayeyi anafukula zinthu zamkuwa, zaminyanga, mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti ife mkuwa tinkauvala m'mikono ndi m'miyendo, ndipo unkapita kumanda ndi mwini wake. Ziwiya zathu za nsembe zinali chipanda, nsengwa, mphika wadothi ndi ng'oma yamtengo, monga za ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona. Zimenezi chiswe chimadya, moto umanyeketsa. Zolemba zathu zinali m'kamwa mwa akuluakulu. Ndiye ngati Akoreya, amene anali ndi chitsulo ndi zilembo zomwe, anachita kuvutikira chotere kuti asunge, ife tiyenera kuchita changu kuposa iwo, pakuti gogo mmodzi akatsikira kuli chete, mayina a zinthu khumi apita naye.

Ndipo posungira tili napo. Nyumba ya zakale ya pa Chichiri ilipo chitsegulire mu 1966. Timaidutsa pa minibasi popita ku Limbe, kuona mutu wa sitima ndi galimoto yozimitsa moto zili pabwalo, koma ndi angati a m'banja mwathu analowamo chichokereni ulendo wa ku pulayimale? Mandala House ili chiimire kuyambira 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo dzina limene aliyense amatchula ndi la m'busa David Clement Scott. Nanga amuna a m'midzi amene anaumba njerwa zija, kuziwotcha n'kuzisanja mokongola chotere, amawatchula ndani? Zimandipweteka, chifukwa anali amisiri ngati inu.

Tsopano ndifike pa chimene chanditengetsa cholembera. Amayi anandiuza kuti asuweni akufuna kukonza kachipinda kosungira katundu kunyumba ya agogo ku Chilomoni kuti aikemo munthu wa lendi, ndipo zitsulo zonse zili mmenemo akuti aitana anyamata a masaka aja oyenda akukuwa m'makwalala kuti adzayeze pasikelo. Sindikuwaweruza. Ndikudziwa mmene ufa wakwerera, ndipo lendi ingathandize agogo. Malata akutha, mafelemu a njinga ndi mbaula zobooka agulitse, palibe vuto. Koma m'chipinda chomwecho, m'sutikesi yachitsulo ija, muli belu lamkuwa la m'manja limene abambo awo a agogo ankaitanira ana pamene ankaphunzitsa sukulu ya mishoni kumudzi. Ndimalikumbukira bwino: chogwirira chathabwa chong'aluka chomangidwa ndi waya, mlomo wake wodyeka mbali imodzi pomwe lilime linkagunda. Mulinso makoza olemera aja a mayi awo a agogo, ndi pulayimasi imene agogo aamuna anabwera nayo pochoka ku Joni pa Wenela. Zonse pamodzi pasikelo sizingapose mtengo wa thumba limodzi la chimanga, ndipo pofika mwezi wamawa zidzakhala zitasungunuka, osadziwikanso kuti zinali chiyani. Kuno zinthu zotere zinkalandidwa ndi asilikali a mfuti. Ife tisachite kupereka tokha.

Ndalembera inu chifukwa ndinu mwini mbumba, mawu anu asuweni sangawaponde. Komanso ndinu nokha m'banjamo amene mukagwira chitsulo mumadziwa ngati chinaumbidwa kapena chinasulidwa. Ndikupemphani mupite ku Chilomoni Lamlungu likubwerali mukatuluka m'tchalitchi, mukatenge sutikesiyo ikakhale kwanu. Musazikweche ndi sandipepa kapena phulusa kuti ziwale. Kuno ndaphunzira kuti kuda kuja n'kumene kumateteza chitsulo, ndipo kupala kumafufuta zizindikiro. Kansanza kouma n'kokwanira, ndipo muziike pouma, kutali ndi matumba a feteleza.

Mukatero mukhale pansi ndi agogo, nthawi ikadalipo. Mutenge mwana wanu wamkazi wa Fomu 3 uja ndi kope latsopano. Agogo agwire chinthu chilichonse m'manja n'kunena: chinali cha yani, wa mfunda wanji, anachipeza kuti, chaka cha njala iti kapena cha mfumu iti, ankachigwiritsa ntchito pa mwambo wanji. Mwanayo alembe zonse mmene akunenera, osakonza Chichewa chawo, ndipo wina ajambule mawu pafoni. Kapepala kena mukamangirire pa chinthu chilichonse. Tikadzagwirizana monga banja kuti belulo likakhale pa Chichiri kuti ana ena alione, lidzapite ndi mbiri yake.

Pempho lina ndi la inu mwini. Mapoto anu ali m'makhitchini kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe, ena atha zaka 20 akuphika nsima ya pamaliro ndi paukwati, koma palibe ndi limodzi lomwe lonena kuti analipanga ndani. Sulani kachidindo kachitsulo ka zilembo zoyamba za dzina lanu, mawu akuti Ndirande ndi chaka, muzidinda m'chikombole musanathire. Sizidya nthawi, ndipo makasitomala adzadziwa pobwerera. Muwauzenso anzanu okhoma ndowa ndi mbaula pamsikapo.

Ndalama yoti asuweni asadandaule nayo nditumiza kudzera kwa amayi kumapeto kwa mwezi uno, ikhale m'malo mwa imene akanapeza pa mkuwawo. Zithunzi za mtsuko uja ndaika m'envelopu momwemu, china ndajambula pafupi kuti muone timingalande ta siliva. Mundiuze maganizo anu, makamaka ngati waya wotere angagwire pa aluminiyamu.

Mupereke moni kwa azakhali, kwa ana onse, ndi kwa anyamata a pashedi. Agogo muwauze kuti ndimawakumbukira m'mapemphero, ndipo Mulungu akalola tidzaonana maphunziro akatha. Sutikesi ija ikafika m'nyumba mwanu, chonde mundiimbire tsiku lomwelo.

Ndatha ine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Seoul.